Zimene Dzanja la Woimba Mbalule Limadziwa

Mwezi wa Julaye ku Kasina kumazizira mopanda chisoni. Nkhungu imatsika m'mapiri a Dedza n'kugona m'madambo mpaka dzuwa litakwera, ndipo ng'oma imene yagona m'nyumba usiku wonse imadzuka chikopa chitalefuka. Ikamenyedwa imangoti phu! phu! ngati munthu akukutumula thumba la gaga. N'chifukwa chake tsiku la gule, anthu asanadzaze bwalo, chapambali pamakhala kamoto ka mapesi, amuna atatu kapena anayi atakazungulira, akuwamba ng'oma. Mkulu amasendeza chikopa kufupi ndi malawi, amachichotsa, amachigogoda ndi chala, amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, n'kuchibwezeranso. Kenaka, popanda womuuza, amadzuka n'kudzisansa m'mawondo. Ng'oma yafika.

Mnyamata atamufunsa mkuluyo kuti wadziwa bwanji, yankho likhala lalifupi: "Ndangomva." Ana a sukulu amene alawako Fizikisi ku Fomu 3 amaseka yankho lotere, amati n'zachikale. Ena, mwina ochulukirapo, amagwera mbali inayo. Amamva mkulu akuti "ndangomva", iwonso n'kuyamba kungomva pa chilichonse: pa juga, pa chibwenzi, pa ulendo wa ku Joni. Magulu onse awiri sanamvetse chimene chachitika pa kamoto kaja, koma lachiwirili ndilo limadzalira kwambiri.

Nkhani iyambire pa chikopa. Kulira kulikonse ndi kunjenjemera. Chikopa chikamenyedwa chimatsika n'kukwera mofulumira, chikukankha mpweya, ndipo mpweyawo umapatsirana kukankhako mpaka kukafika m'khutu pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Chikanjenjemera kambirimbiri pa sekondi imodzi, liwu limatuluka laling'ono, lakuthwa. Chikanjenjemera mwaulesi, liwu limakhala lalikulu, lomveka pansi pa mimba. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira kunjenjemera ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Tsono chinyezi cha nkhungu chikalowa m'chikopa, chikopacho chimafewa n'kutanuka, ndiye chimanjenjemera pang'onopang'ono. Moto umachotsa chinyezicho, chikopa chimakungika n'kukoka zikhomo, liwu n'kukwera. Wowamba akachedwa kuchichotsa chimauma mopyola, ndipo akale ananena kalekale chimene chimachitikira ng'oma yoliritsa.

Palinso phula limene amamata pakati pa chikopa. Ntchito yake ndi kulemeretsa malo amene amanjenjemera kwambiri, kuti liwu litsike ndi kumveka lonona. Mmwenye wina wa sayansi, C. V. Raman, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1930 pa kafukufuku wa kuwala, analemba mu 1920 za ng'oma za kwawo, zimene nazonso amazimata chinthu chakuda pakati. Anaonetsa kuti kulemeretsa kotereku kumakonza timawu tambiri timene chikopa chimatulutsa nthawi imodzi kuti tigwirizane, ng'oma n'kumalira ngati ikuimba m'malo mongophokosera. Amisiri a ku India anazipeza zimenezi Raman asanabadwe, monganso amisiri a kuno anapeza phula lawo popanda bolodi ndi choko. Ngakhale chija amadabwa nacho ana, choti ng'oma za mudzi wa kutsidya zimamveka pafupi usiku kuposa masana, chili ndi mutu wake. Usiku mpweya wa pansi umazizira kuposa wa pamwamba, ndipo phokoso, limene limathamanga kwambiri mu mpweya wofunda, limapindikira pansi m'malo mothawira kumwamba. Kuwonjezera apo mudzi umakhala uli zii.

Zonsezi n'zapambali. Chozizwitsa chenicheni chili pakati pa bwalo.

Ng'oma za gule zili ndi ntchito zosiyana, ndipo mayina ake amasinthako dera ndi dera. Mpanje ndi zinzake zimagwira msana wa nyimbo, kubwereza chomwechomwecho osatopa. Mbalule ndiyo imalankhula ndi chilombo. Woimba mbalule maso ake sakhala pa ng'oma, amakhala pa mapazi ndi m'chiuno mwa chilombocho. Phazi likamenya pansi, fumbi n'kuti kobo, mbalule imalira nthawi yomweyo. Tsono "nthawi yomweyo" imeneyi n'njosatheka kwa munthu wongodikira kuti aone kaye. A sayansi anayeza: kuti diso lione, ubongo ulandire, dzanja lisunthe, pamapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a sekondi. Pa liwiro la gule, kuchedwa kotero n'kokwanira kuti amayi oimba ayambe kuyang'anizana. Ndiye kuti woimba mbalule amalichingamira phazi lija. Dzanja limanyamuka phazi lisanatsike, chifukwa maso aona kale phewa likupendekeka, bondo likupindika, ndipo thupi lonse likukumbukira kumene kupendekeka kotere kumathera. Ofufuza akapatsa anthu wamba kachipangizo kogunda mofanana n'kuwauza kuti azigogoda patebulo motsatira, amapeza kuti ambiri amagogoda patsogolo pang'ono, kachipangizoko kasanagunde. Ubongo umakhalira kulosera.

Kambewu ka kulosera kumeneku munthu amabadwa nako. Mu 2009 István Winkler wa ku Hungary ndi Henkjan Honing wa ku Netherlands, pamodzi ndi anzawo, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa makanda a masiku awiri kapena atatu. Ankawaikira kulira kwa ng'oma kobwerezabwereza ali m'tulo, timawaya toyeza ubongo titamatidwa pamutu. Mwa apo ndi apo ankadumpha dala kugunda kumodzi kofunika, kumene kumatsegula chigawo. Ubongo wa makandawo unkadzidzimuka pa malo opanda kanthuwo. Khanda losadziwa ngakhale dzina lake linali likuyembekeza ng'oma imene sinalire. Amayi a kuno sangadabwe nazo: mwana amavina ali kumsana, ndipo asanabadwe n'komwe amakhala atamva kale mtondo ndi munsi, chimtali, ndi kwaya ya Lamulungu.

Ku Montreal, m'dziko la Canada, Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre anafika pena mu 2011. Anasankha anthu amene amachita tsemwe akamva nyimbo ya pamtima pawo, n'kuwajambula ubongo akumvetsera. Anapeza kuti ubongo umatulutsa dopamine, mankhwala a m'thupi omwe aja amene amatuluka munthu akamadya chakudya chokoma, ndipo amatuluka kawiri: nyimbo ikafika pachimake, komanso kamphindi isanafikepo, munthu akungoyembekeza. Aliyense amene anaimapo pabwalo nthawi ija mbalule imakhala chete kamphindi, khamu lonse lili tcheru, kenaka n'kugwa pamodzi ndi phazi, nthungululu n'kusweka, safuna makina kuti akhulupirire. Kukoma kwa nyimbo kumabadwira pakati pa chimene khutu likuyembekeza ndi chimene lalandira. Dzina lakuti dopamine lisungidwe, chifukwa libweranso pa nkhani yowawa.

Koma chimene khutu limayembekeza limachita kuphunzira. Erin Hannon ndi Sandra Trehub anaonetsa mu 2005 kuti makanda a miyezi 6 a ku North America ankazindikira cholakwika m'nyimbo za kwawo komanso m'nyimbo za ku Balkan, zimene kagundidwe kake n'kotsimphina, pamene akuluakulu a kumeneko ankangozindikira za kwawo zokha. Pofika miyezi 12 makandawo anali atayamba kale kufanana ndi akuluwo. Njira imene khutu siliyendamo imamera udzu. Chitsanzo china chili m'dziko lomwe lino. Valimba za ku Chigwa cha Shire amazichuna m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, mosiyana ndi do-re-mi ya kwaya. Woimba kiyibodi wa kutchalitchi akazimva koyamba anganene kuti zapotoka. Mkulu wa ku Nsanje akamva kiyibodi koyamba anganenenso chimodzimodzi. Onse awiri angomva, onse ndi otsimikiza, ndipo khutu lililonse likungosimba za kumene linakulira.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kamawu kaja kamene anthu amati mtima wandiuza, thupi landikanira, ndachita nthumanzi, kawirikawiri kamakhala chikumbukiro chimene chikulankhula mofulumira kuposa pakamwa. Kali ndi kumene kanaphunzira, ndipo sikadziwa zoposa sukulu yakeyo.

Abale awiri a m'mudzi wa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, ndi umboni wapafupi. Daniel anatola nyimbo za kwela ali mwana ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, nthawi imene banja lawo linkakhala kumeneko, n'kudzaphunzitsa mng'ono wake. Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo anathera zaka akujambula ndi kulemba papepala zimene zala za Daniel zinkachita pa gitala. Donald, amene panthawiyo anali kamnyamata koimba chitoliro, anadzaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Los Angeles mu 1999. Anthu amati mphatso. Mphatso inalipo ndithu, koma otchula mphatso yokha amaiwala zaka za kuimba pamsewu, pamene omvera amaima woimba akaimba bwino n'kungodutsa akalakwitsa. Mphunzitsi woposa msewu pa kusanyengerera ndi wosowa.

Azungu nawo anachedwa kuvomereza zimenezi. Gary Klein, katswiri wa za maganizo wa ku America, anayamba mu 1985 kufunsa akuluakulu a ozimitsa moto mmene amasankhira chochita nyumba ikamayaka. Ankayembekeza kumva kuti amayerekeza njira ziwiri kapena zitatu. Ambiri anamuuza kuti sayerekeza kanthu, amangoona n'kudziwa. Mmodzi anamusimbira za tsiku limene analowa ndi anyamata ake m'nyumba imene inkaoneka kuti ikuyaka kukhitchini. Anathira madzi, moto osagonja. Anathiranso, chimodzimodzi. Mwadzidzidzi mtima unamuuza kuti atuluke, ndipo anakuwa kuti onse panja. Atangotuluka, pamene anaima paja panatitimira: moto weniweni unali m'chipinda cha pansi pa nyumbayo, chimene iye sankadziwa kuti chilipo. Kwa zaka zambiri mkuluyo ankakhulupirira kuti ali ndi mphamvu yapadera yoona zobisika. Klein atamufunsa mofatsa, zinthu zinayamba kutuluka chimodzichimodzi. M'chipindamo munkatentha kuposa mmene kamoto ka kukhitchini kangatenthetsere. Munali chete, pamene moto waukulu umasokosa. Madzi sankaphula kanthu. Makutu ndi khungu zinali zitazindikira kale kuti nyimbo yake si imeneyi.

William Chase ndi Herbert Simon anachita zawo mu 1973 ndi osewera chess. Katswiri akamuonetsa bolodi la masewero enieni kwa masekondi asanu okha, ankatha kubwezera tizidole tambiri m'malo mwake, pamene wongoyamba kumene ankakumbukira tochepa. Koma akamwaza tizidoleto mwachisawawa, mosatsata masewero, ukatswiri uja unkatsala pang'ono kutheratu. Wa bawo wa pansi pa mtengo pa Linthipe amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za Simon. Amayang'ana maenje 32 kamodzi n'kutola nkhomo, mnzake akuwerengabe ndi chala. Waona nkhope imene anaionapo kambirimbiri, basi.

Daniel Kahneman, amene analandira Nobel mu 2002, anathera moyo wake akusonyeza mbali inayo: mmene kamawu kofulumira kamanamizira anthu, ophunzira omwe. Iye ndi Klein ankaoneka ngati ali kutsidya ndi kutsidya. Anakambirana zaka zingapo, ndipo mu 2009 analemba limodzi kuti alephera kusiyana maganizo. Anagwirizana kuti kamawu ka mumtima n'kodalirika ngati chinthucho chili ndi kachitidwe kobwerezabwereza, moti chizindikiro chakuti chimatsogoleradi chakuti, komanso ngati munthuyo wakhala nacho nthawi yaitali akuuzidwa msangamsanga pamene walakwitsa. Anawonjezapo chenjezo limene wachinyamata aliyense ayenera kumanga pa mpango: kutsimikiza kumene munthu amamva m'chifuwa si umboni woti akulondola. Wolondola ndi wosochera amamva kutsimikiza kofanana.

Sukulu ya ng'oma imakwaniritsa zonse ziwiri. Mwana amayamba ndi chitini ndi timitengo kuseri kwa nkhokwe. Akasinkhuka amapatsidwa ng'oma yaing'ono yobwereza, ndipo akangophonya, chidzudzulo chimafika pompo: mkulu amamuyang'ana ndi diso lija, amayi amasokonekera m'manja, chilombo chimaima n'kutembenukira kumene kwachokera cholakwikacho. Palibe kudikira zotsatira za mayeso miyezi itatu. Zaka zimapita asanamulole kukhudza mbalule. Pofika tsiku loti nayenso anene kuti "ndangomva", liwu limodzilo limakhala litasenza zikwi za zolakwa zokonzedwa.

Si oimba okha. Mlimi wa mbatatesi wa kumapiri kuno amatuluka m'mawa wa mvumbi, kunja kuli nkhungu, n'kunena kuti chiwawu chayandikira, masamba asanade. Amalondola, poti matendawa amakonda kuzizira ndi chinyezi, ndipo iye anaona minda yambiri ikupsa m'nyengo yotere. Makaniko wa njinga zamoto amamva injini ikubwera patali n'kunena vuto lake asanaigwire. Namwino amene wanyamula ana odwala zaka makumi awiri amaloza mwana mmodzi pamzere wa sikelo kuti uyu alowe msanga. Mayi amasiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa malungo. Wachinyamata akamva munthu wotere akunena kuti mtima ukukana, pa nkhani ya ntchito yakeyo, asayambe kufunsa satifiketi. Amvere kaye, kenaka pa nthawi yabwino afunse mwaulemu: "Agogo, munaona chiyani?" Klein anachita zomwezo, n'kutchuka nazo.

Tsopano kandege, juga ya pafoni.

Paliponse pamene pali netiweki pamapezeka anyamata ataweramira foni, akuonerera kandege kakukwera, nambala ikukula, chala chili chire kuti chitulutse ndalama kasanathawe. Akafunsidwa amayankha ndi mawu omwe aja a mkulu wa pa kamoto: "Ndikumva kuti ulendo uno kapita patali." Mawu ndi omwewo, koma kumbuyo kwake kulibe kanthu. Pamene kandege kathawire pamasankhidwa ndi kompyuta mwachisawawa, ndipo ulendo wapitawo suuza kanthu za ukubwerawo. Ndi bolodi lija lomwazidwa. Munthu angaliyang'ane zaka khumi, sadzaphunzirapo nkhope, poti nkhope palibe. Chimene chilipo ndi dopamine. Luke Clark ndi anzake ku Cambridge anaonetsa mu 2009 kuti wotchova juga akaphonya pang'ono, mbali zina za ubongo zimene zimatakasika munthu akapambana zimatakasikanso, ndipo amalakalaka kuseweranso. Opanga masewerawa amadziwa kuimba ng'oma imeneyi kuposa wa mbalule aliyense. Koma wochoka pabwalo amafika kunyumba atatopa, mbuzi zake zili m'khola. Wochoka pa kandege amafika ndalama ya feteleza itapita, akudzilimbitsa kuti anangotsala pang'ono.

Palinso pamene kamawu kanaphunzira bwino ndithu, koma dziko lasintha nyimbo. Ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zochokera ku America, zinaoneka mu Africa mu 2016, ndipo pofika 2017 zinali zitadzaza minda ya chimanga m'Malawi. Diso limene linakulira pa kapuchi linkatha kuona masamba obooka n'kuganiza kuti ndi mdani wakale. Mvula nayo n'chimodzimodzi. Akuluakulu amawerenga mphepo, kutentha kwa Okutobala, kuphuka kwa mitengo ndi kayendedwe ka nyerere, ndipo nzeru imeneyi si yonyoza. Koma m'nyengo ya 2023 mpaka 2024 El Niño anaumitsa minda pakati pa dzinja, moti mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Gwero la El Niño ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kutali kumene nyerere za ku Kasina sizinafikeko, ndipo a zanyengo anali atachenjeza miyezi ingapo m'mbuyo. Mdzukulu wokhala ndi wailesi kapena foni ali ndi gawo lake pamenepa. Abweretse uthengawo pakhonde popanda matama, agogo aikepo zimene akudziwa za dothi la mundawo, mbewu isankhidwe awiriwo atamvana.

Ndipo pali pamene kamawu kamapha. Mu Januwale 2016 ku Neno mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu ena a m'mudzimo anangomva kuti yachita kutumizidwa. Okalamba anayi anaphedwa. Amene anachita zimenezi anali otsimikiza ndi mtima wonse. Koma kuzindikira mfiti anakuphunzira kuti? Ndani anawakonzapo atalakwitsa? Chimene chinkalankhula m'chifuwa mwawo chinali chisoni ndi mantha, zitavala chigoba cha nzeru. Lamulo la dziko lino, la mu 1911, limaletsa kutchula munthu mfiti. Ndipo mphenzi ili ndi masamu ake, omwe aja a ng'oma: kuwala kumafika pompo, pamene kugunda kumayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mwana wowerenga masekondi pakati pa kung'anima ndi kugunda amadziwa kuti ili patali bwanji, ndipo amachoka pansi pa mtengo n'kulowa m'nyumba.

Ku Kasina komweko kuli malo amene ntchito yake ndi kuyesa kamawu ka mumtima. Pa mishoni ya Katolika pali nyumba imene anyamata ofuna unsembe, ochokera m'madayosizi osiyanasiyana a dziko lino, amakhalamo chaka asanapite ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji. Aliyense amafika akunena kuti wamva kuitanidwa. Mpingo sumuseka, komanso sumudzoza mawa lake. Umamupatsa miyezi ya chete, ntchito, pemphero ndi wamkulu womufunsa mafunso, kuti kuoneke ngati liwulo lidzakhalapobe chisangalalo choyamba chitazilala. Ena amapitirira, ena amabwerera kwawo, ndipo kubwererako si kugwa. Ignatius wa ku Loyola, amene anamwalira mu 1556, anasiya langizo loti munthu asasinthe chimene anatsimikiza pamene mtima uli mumdima. A kudambwe, eni ake a gule, ndi a kumishoni anakokana zaka zambiri m'boma lino la Dedza. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatha, ng'oma inapeza malo m'tchalitchi, ndipo ku Mua bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Choseketsa n'choti pa mfundo imodzi iyi mbali ziwirizi sizinasiyanepo: palibe imene imalola wongofika kumene kudalira kumva kwake asanakhale pansi pa wamkulu.

Vuto la zisankho zikuluzikulu za unyamata n'loti zimabwera kamodzi kapena kawiri. Palibe amene anakwatirapo kambirimbiri kuti dzanja lizolowere. Mnyamata wa zaka 22 amene akuti mtima ukumuuza kuti akwere basi ya ku Joni, kudzera pachipata cha Dedza, ku Tete, mpaka ku Beitbridge, sanapiteko n'kamodzi komwe. Chimene wamva ndi nyumba ya malata ya mnzake ndi zithunzi za pa Facebook. Amene anatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa sajambulitsa. Wina asamve ngati ulendowo ukuletsedwa: ambiri apita, amanga, aphunzitsa abale awo. Kungoti pa nkhani imeneyi khutu la mnyamatayo ndi la khanda, ndiye abwereke makutu a ena. Afunse atatu amene anapitako, mmodzi mwa iwo akhale amene anabwera chimanjamanja. Awerengere ndalama papepala, mapepala a ulendo akhale enieni, ndipo nkhaniyo igonere masabata angapo. Chimodzimodzi mtsikana amene wauzidwa mawu okoma pa msika wa Chimbiya ndi munthu woti kwawo palibe akukudziwa. Atsibweni ndi ankhoswe anaikidwa dala kuti achedwetse mtima, poti amafunsa mafunso amene wokonda sangafunse. Safunsa anadya phula, ndipo phula limakoma pang'oma, m'kamwa ayi.

Pali malo amodzi pamene ngakhale mtima wosaphunzira uyenera kumveredwa pompo. Ukanena kuti choka apa, munthu achoke. Njira ya mdima imene yaimitsa tsitsi, minibasi imene woyendetsa wake akununkha kachasu, mwamuna amene akuumirira kuperekeza mtsikana atakanidwa kawiri: apa wolakwitsa pothawa amangotaya mphindi zochepa ndi kamanyazi. Koma mtima ukanena kuti lipira, saina, kongola, vomera, menya, wolakwitsa amalipira zaka, mwinanso moyo wa munthu wina. Kamawu kamene kakufulumizitsa dzanja kulowa m'thumba kapena kunyamula mwala kafunsidwe kaye kuti kanaphunzira kwa yani.

Khutu lenilenilo nalo lisamalidwe, poti ndilo khasu la zonsezi. M'kati mwa khutu lililonse muli timaselo ta ubweya pafupifupi 15,000 timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wa ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha phokoso la zomvetsera za m'makutu ndi la m'malo a zisangalalo. Wokumbatira sipika usiku wonse pa ukwati, n'kudzuka m'makutu mukulira, wawononga kale pang'ono chimene mkulu uja amawambira nacho ng'oma.

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, nyengo ya ziliza imayamba, ndipo timoto ta mapesi tidzayakanso m'mabwalo a midzi yozungulira Kasina. Oimba mbalule okhwima sakubwerera ku unyamata, ndipo zimene zili m'manja mwawo sizinalembedwe m'buku la sukulu. Mnyamata amene akufuna kudziwa kusiyana kwa kumva kwenikweni ndi kungodzimvera afike bwalo lisanadzaze, atole mapesi, akhale pafupi, apemphe kuti agwireko ng'oma ikamawambidwa. Wa kutchalitchi achite chimodzimodzi Lamulungu m'mawa, kuseri kumene a kwaya amawambira zawo, ndipo mtsikana aime pafupi ndi mayi amene amayambitsa nyimbo. Tsiku loyamba adzagogoda chikopa n'kunena motsimikiza kuti yafika, mkulu n'kupukusa mutu. Asakwiye, mwanawe. Aibwezere pamoto.